Kalata yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa London: njinga zobwereka zifike kumene kuli magalimoto

Olemekezeka a Sadiq Khan,

Ndine Mmalawi wokhala ku Thamesmead, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kalatayi ndailemba m'chinenero changa kuti anzanga amene timadzukira limodzi mbandakucha kuthamangira sitima aiwerenge kaye, andikonze pamene ndaphonya, kenako ikupezeni. Nkhani yake ndi ya njinga zobwereka zimene zandandalikidwa m'misewu ya mzinda uno, ndi mpweya wa kaboni umene timauzidwa kuti zikuchepetsa. Ine njinga ndimaikonda, ndinakulira pa keliyala ya bambo anga. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona kuti njinga za ofesi yanu zili kumene phindu lake pa nyengo ndi lochepa, pamene kumene zikanagwira ntchito yaikulu sizinafikeko.

Mukudziwa kuti ku Thamesmead kulibe siteshoni ya sitima. Dera lino analimanga pa dambo m'mbali mwa mtsinje wa Thames kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anaikamo nyumba zosanja, nyanja zokumba, ngalande ndi misewu ikuluikulu, koma njanji sinafike. Siteshoni yathu ndi Abbey Wood. Chiyambireni sitima za Elizabeth line pa 24 Meyi 2022, siteshoni imeneyi yasanduka chuma chathu: mphindi 11 wafika pa Canary Wharf, theka la ola uli pa Paddington. Chovuta ndi kamtunda kotsala, kuchokera pakhomo kukafika pa siteshonipo. Kwa ife a kumpoto kwa dera lino ndi makilomita ngati 3. Munthu amene akukaima maola 12 akunyamula ndi kusambitsa odwala sangayambe tsiku lake ndi ulendo wapansi wa mphindi 40. Mabasi alipo, ndipo ambirife timakwera omwewo, koma amene ali ndi galimoto pakhomo sadikira basi 6 koloko m'mawa wa Januwale. Mukaima pa Abbey Wood nthawi imeneyo mumaona magalimoto akubwera motsatizana. Chitseko chatseguka, mayi atsika ndi chikwama, bambo atembenuza kubwerera kukakonzekeretsa ana. Madzulo bambo omwewo abweranso kudzatenga mayi. Mayiwo akwera sitima yamagetsi, inde, koma galimoto yayenda maulendo anayi patsiku chifukwa cha iwo.

Tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a kupulayimale. Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera pafupifupi makilogalamu 2.3. Ambiri amadabwa, poti lita ya petuloyo payokha sikwana ngakhale kilogalamu imodzi. Chimachitika n'chakuti kaboni wa m'mafutamo amagwirana ndi mpweya wa okosijeni umene timapuma, n'kulemera kuposa poyamba. Galimoto wamba imamwa malita ngati 7 pa makilomita 100. Maulendo anayi aja a makilomita atatuatatu ndi makilomita 12 patsiku. Pa masiku 200 a ntchito ndi makilomita 2,400, malita 168, mpweya wa makilogalamu pafupifupi 390 pachaka. Ndipo pamenepa ndachepetsa, chifukwa injini yozizira imamwa mafuta kwambiri, ndipo ulendo wa makilomita 3 umatha injini isanatenthe n'komwe. Banja limodzi, kamtunda kamene njinga imakamaliza m'mphindi 12.

Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Yaikulu ndi ya amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene amagwira ntchito ku nyumba yosungira okalamba tsidya la mtsinje, kupitirira Ilford. Iwowa sakwera sitima n'komwe. Amayendetsa galimoto njira yonse, kudzera mumsewu wapansi pa mtsinje wa Blackwall, makilomita ngati 25 kupita, 25 kubwerera. Pachaka ndi makilomita 10,000, malita 700 a petulo, mpweya wa makilogalamu oposa 1,600. Ulendo womwewo pa sitima, powerengera magalamu ngati 35 pa kilomita kwa munthu mmodzi monga zimakhalira ndi sitima za dziko lino, ungatulutse makilogalamu 350. Kusiyana kwake n'koposa tani imodzi ndi makilogalamu 200. Sitima ilipo: akwere pa Abbey Wood, asinthe pa Whitechapel, atsike pa Ilford. Chiyambireni Epulo 2025 msewu wa Blackwall ndi wolipira, mpaka mapaundi 4 nthawi yotanganidwa, koma iwo sanasiyebe galimoto. Nditawafunsa anandiyankha mwachidule kuti akatsika sitima kumatsala makilomita 3 kukafika kuntchito, shifiti imayamba 7 koloko, ndipo wa usiku sangachoke iwo asanafike. Kuchedwa mphindi 10 n'kulanga mnzako amene wachezera usiku wonse. Njinga yawoyawo angathe kuisiya pa Abbey Wood, koma tsidya linalo alibe chowanyamula. Kukwera nayo m'sitima nthawi yotanganidwa n'koletsedwa pokhapokha ikhale yopindika, ndipo kuyambira pa 31 Malichi 2025 njinga zamagetsi zosapindika siziloledwa n'komwe m'sitima zanu. Makilomita 3 osowa chokwera ndi amene akuyendetsa galimoto makilomita 50 tsiku ndi tsiku.

Pamenepa ndi pamene pagona ntchito ya njinga yobwereka. Mpweya umene imachepetsa suyezedwa ndi mtunda umene njingayo yayenda. Umayezedwa ndi mtunda umene galimoto yasiya kuyenda.

Mwina mukufunsa chimene chikundikhudza ine mlendo pa matani a mzinda wa eni ake. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakhuthula mvula pa Blantyre masiku otsatizana. Phiri la Soche linagumuka usiku, matope ndi miyala zinatsikira m'nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo chakummwera. Ine ndinali kuno, pa shifiti ya usiku, foni m'thumba la yunifolomu, ndikuimbira abale osayankha. Izi zisanachitike, mu Januwale 2022, namondwe Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambiri, ndipo asayansi a World Weather Attribution anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wa makilogalamu ngati 100 pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha. Zimene amayi aja angachepetse posiya galimoto zikufanana ndi za Amalawi 12. Tikabwera kuno timalowa m'mayendedwe a kuno, ndipo utsi wathu umasakanikirana ndi wanu. Sindikufuna kuti ndalama zimene ndimatumiza kumudzi zizipita limodzi ndi mvula yogumula nyumba. Inu ndinu mmodzi wa atsogoleri a C40, bungwe la mizinda ikuluikulu lolimbana ndi kusintha kwa nyengo, pamodzi ndi a Yvonne Aki-Sawyerr a ku Freetown, ndiye nkhani ya ku Africa siyachilendo m'makutu mwanu.

Njinga za Transport for London, bungwe lanu la zamayendedwe, zinayamba pa 30 Julayi 2010, nthawi ya a Boris Johnson, zili zabuluu ndi dzina la Barclays. Kuyambira 2015 ndi zofiira ndi dzina la Santander. Lero zili m'malo oimikapo ngati 800, ndipo mu 2022 munaonjezamo zamagetsi. Ndazikwerapo tsiku lopuma, kuchokera ku Tower Bridge kutsata mtsinje, ndipo ndi njinga zabwino, zolimba, zosagwedera. Ndaonanso mmene zimathera pa Waterloo m'mawa. Sitima ikangotula anthu, njinga zonse zabalalika, kulowera ku maofesi a mu City, pakati pa mzinda, madzulo n'kubwerera. Wina ataona zimenezo akhoza kunena kuti nayo njinga yolumikiza munthu ndi sitima. Koma tafunsani wokwerayo kuti chikhala njingayo panalibe akanayenda bwanji. Akanakwera sitima yapansi pa nthaka, kapena basi, kapena akanayenda wapansi kuwoloka mlatho. Palibe amene amatsika sitima pa Waterloo n'kukalowa m'galimoto yake. Njingayo yamupatsa mphamvu m'thupi, yapungula anthu m'sitima zothinana, zonsezo n'zabwino ndipo sindikuzinyoza. Koma mpweya umene yachepetsa ndi wochepa kwambiri, ndipo ngati akanayenda wapansi ndiye palibiretu.

Izi si zongoganiza ine. Mu 2014 akatswiri atatu, Elliot Fishman, Simon Washington ndi Narelle Haworth, anafalitsa kafukufuku wa njinga zobwereka m'mizinda isanu ya ku America, Australia ndi Britain. Anapeza kuti ku London, pa maulendo 100 alionse a njingazi, 2 okha ndi amene analowa m'malo mwa galimoto, pamene ku Melbourne ndi Brisbane anali pafupifupi 20. Anawerenganso chinthu chimene ambiri sachiona: magalimoto amene amazungulira usana ndi usiku kunyamula njinga kumene zadzaza kupititsa kumene zatha. Ataphatikiza zonse, ku London kunapezeka kuti ntchito ya njingazi inaonjezera makilomita oposa 760,000 a magalimoto pachaka m'malo mochepetsa. Kafukufukuyo ndi wakale, ndipo galimoto yonyamulira njinga ikhoza kusinthidwa kukhala yamagetsi. Chimene sichinasinthe kwenikweni ndi mapu. Njinga zofiira zimafika ku Hammersmith, Putney, Brixton, Canary Wharf ndi kubwalo la Olympic ku Stratford, n'kuthera chamomwemo. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti ku Islington mabanja 2 mwa 3 alionse alibe galimoto, pamene ku Bexley mabanja oposa 3 mwa 4 ali nayo. Mankhwala ali kwa amene akutsokomola pang'ono, wodwala weniweni ali kunja kwa mpanda.

Inu munalonjeza zinthu ziwiri zazikulu: kuti pofika 2030 mzinda uno usamaonjezerenso mpweya wa kaboni mumlengalenga, ndi kuti pofika 2041 maulendo 80 mwa 100 alionse azikhala apansi, apanjinga kapena a basi ndi sitima. M'kati mwa mzinda chiwerengero chimenecho chinafikidwa kale. Chotsala chili kwathu kuno, ku Bexley, Havering, Bromley, Hillingdon, kumene galimoto ndi miyendo ya banja. Pa 29 Ogasiti 2023 munafutukula ULEZ, dongosolo lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, kufika m'madera onse, galimoto yakale n'kumalipira mapaundi 12.50 patsiku. Ine ndinali kumbali yanu, chifukwa ndimasamalira anthu obanika m'chifuwa ndipo ndikudziwa kuti inunso muli ndi mphumu. Koma ndinaona chimene anzanga anachita. Anagulitsa galimoto yakale ya dizilo, n'kukongola ndalama kugula ina ya petulo yosalipitsidwa. Mapapo a ana apumako, koma lita ya petulo ikutulutsabe makilogalamu 2.3 aja, kaya galimoto ndi yakale kaya yatsopano. Anagulanso galimoto chifukwa makilomita 3 aja anali pomwepo.

Mudzati njinga za makampani, za Lime ndi Forest ndi ena, zimafika kutali kuposa zofiira. N'zoona. Koma zimayenda ndi mapangano a khonsolo iliyonse payokha, ndipo makhonsolo alipo 33 kuphatikizapo City. Kumene kampani ina ikuloledwa, tsidya la msewu ikhoza kukhala yosaloledwa. Thamesmead yeniyeniyo ndi yogawika pakati, mbali ina Greenwich, ina Bexley, ndipo siteshoni ya Abbey Wood ili pamalire pomwepo. Komanso njinga yosiyidwa paliponse ndi yamwayi: lero waipeza pakhomo pa siteshoni, mawa foni ikukuuza kuti yapafupi ili mtunda wa mphindi 10. Munthu wa shifiti sangasiye galimoto chifukwa cha chinthu chamwayi. Amafuna kudziwa usiku asanagone kuti m'mawa njinga akaipeza. Tisaiwalenso za 2017, pamene oBike, Mobike ndi Ofo anathira njinga m'misewu ya London, patangopita zaka zochepa onse n'kuchoka, ndipo ku China kumene zinachokera zina mwa izo njinga zotayidwa zinaunjikidwa milumilu ngati mapiri. Njinga nayo ili ndi ngongole yake ya kaboni, ya chitsulo, ya matayala, ya batire ngati ndi yamagetsi. Bungwe la European Cyclists' Federation linawerengera mu 2011 kuti kupalasa njinga, pophatikiza kuipanga ndi chakudya cha wopalasa, kumatulutsa magalamu ngati 21 pa kilomita. Chiwerengero chotere chimaima pa njinga yokhalitsa. Yotayidwa m'ngalande itagwira ntchito miyezi ingapo imafa ngongole isanabwezedwe.

Chimene ndikupempha chilipo kale tsidya la nyanja, ku Netherlands, ndipo chimatchedwa OV-fiets. Chinayamba mu 2003, ndipo kuyambira 2008 chimayendetsedwa ndi NS, kampani ya sitima ya dzikolo. Njinga zake zachikasu ndi buluu zimapezeka m'malo ngati 300, ambiri mwa iwo pa masiteshoni. Ukatsika sitima umatenga njinga ndi khadi lomwelo wakwerera sitima, umalipira mtengo umodzi wosafika mayuro 5, ndipo njingayo ndi yako maola 24. Umapita nayo kuntchito, kuikhoma panja ndi loko wake, madzulo n'kuibweza pa siteshoni pomwe unaitenga. Mu 2019 anthu anabwereka njingazi maulendo oposa 5 miliyoni. Mbali ya kunyumba Adatchi anaithetsa mwa njira ina, pomanga mosungira njinga za eni ake: pansi pa siteshoni ya Utrecht pali malo a njinga 12,500, amene anamalizidwa mu 2019. Anazindikira kuti ulendo wa sitima uli ndi nsonga ziwiri, ndipo nsonga iliyonse ili ndi vuto lakelake. Kunyumba munthu amafuna posiya njinga yake osabedwa. Kumene akupita amafuna njinga yomudikira.

Taonani mmene zimenezi zikukwanira pa moyo wa amayi aja. Njinga zofiira za London zimafuna kuti uzibweze pa malo oimikapo m'mphindi 30, apo ayi mtengo ukwera. Chiyambireni 2022 ulendo umodzi wotere ndi mapaundi 1.65. Kuti zigwire ntchito kupitirira Ilford mungafunike kumanga malo oimikapo pakhomo pa nyumba ya okalamba iliyonse, sukulu iliyonse, fakitale iliyonse, ndipo n'zimene zimachititsa kuti kufutukula njingazi kuoneke kodula. Njinga ya tsiku lonse sifuna zonsezo. Imafuna shedi imodzi pa siteshoni. Ndipo poti aliyense amaibweza pomwe anaitenga, wokwerayo ndiye amaibweretsa ndi miyendo yake, galimoto yozungulira kutolera njinga sikhalanso ndi ntchito yambiri. Makilomita 760,000 aja amafota okha. Wa shifiti ya usiku akhoza kuitenga 7 koloko madzulo n'kuibweza m'mawa, nthawi yomwe wa masana akutsika sitima.

Kwathu nzeru imeneyi si yachilendo. Ukatsika basi pa Liwonde kapena pa Balaka, akabaza amakhala atafola kale ndi njinga zawo, khushoni pa keliyala, kudikira kukufikitsa kumudzi kumene basi sipita. Palibe anawalembera ndondomeko. Anaona okha kuti pamene chokwera chachikulu chathera ndi pamene njinga imayambira. Ndipo njinga ya kwathu imakhala zaka makumi awiri chifukwa pa msika uliwonse pali wokonza pansi pa mtengo, ndi pampu, sipanala ndi beseni la madzi loyezera chubu. Ya bambo anga inasinthidwa masipoko, tcheni ndi chishalo kambirimbiri, koma fulemu inali yomweyo kuyambira ndili wakhanda mpaka ndikuchoka pakhomo. Mukadzamanga shedi ya njinga pa siteshoni, muikemo munthu wokonza. Ndi ntchito kwa mnyamata wa m'deralo, ndi maso oletsa akuba, ndiponso ndi amene amachititsa kuti njinga ikhalitse mpaka ibweze ngongole yake ya kaboni.

Pali zonditsutsa, ndipo zina n'zoona. Ena mwa amene adzakwere njingazi adzachoka m'basi osati m'galimoto, ndipo pamenepo mpweya wochepetsedwa ndi pang'ono. Ndikuvomera. Koma kuno kumene mabanja ambiri ali ndi galimoto, mwayi wokola woyendetsa galimoto ndi waukulu kuposa pa Waterloo, ndipo ngakhale mmodzi mwa asanu atakhala ngati amayi aja, tani imodzi yake ikuposa maulendo zikwizikwi a pakati pa mzinda. Nyengo yozizira nayo ndi yoona: mu Disembala kumada 4 koloko, mvula yake yosaleka. Sikuti aliyense adzapalasa tsiku lililonse. Komanso si paliponse pali pathyathyathya ngati ku Thamesmead. Kummwera kwa Abbey Wood kuli chitunda cha Knee Hill chokwera kulowera ku Bexleyheath, chimene munthu wotopa sangachikwere popanda njinga yamagetsi. Ndiye m'shedimo mukhale zonse ziwiri.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi msewu. Amayi ambiri a kutchalitchi kwathu amadziwa kupalasa, ena anapalasapo ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo, koma sangalowe ndi njinga pa malo ozungulira magalimoto a pa Eastern Way, pamene malole amadutsa ngati mphepo. Njira zina za m'mbali mwa ngalande ndi zabata masana, koma mdima ukagwa mayi sangadutseko yekha. Njinga yopanda njira yotetezeka idzangokhala m'shedi. Apa simukuyambira pachabe. Mu 2014 madera atatu a kunja kwa mzinda, Enfield, Kingston ndi Waltham Forest, analandira ndalama ngati mapaundi 30 miliyoni lililonse kuti akonze misewu motengera Adatchi, ndipo kafukufuku wotsogozedwa ndi a Rachel Aldred a ku University of Westminster anapeza kuti anthu okhala pafupi ndi misewu yokonzedwayo anayamba kuyenda pansi ndi kupalasa kwambiri. Sindikupempha kuti mukonze dera lonse nthawi imodzi. Yambani ndi njira ziwiri kapena zitatu zochokera pa siteshoni iliyonse, zowala usiku, zopatulidwa ndi kakhoma osati penti chabe, zolowera kumene kuli chipatala, nyumba za okalamba ndi malo osungiramo katundu, kumene anthu amayamba ntchito kusanache.

Ndikudziwa yankho la ofesi yanu, lakuti Transport for London imalamulira misewu 5 yokha mwa 100 ya mzinda uno, yotsalayo ndi ya makhonsolo. Koma masiteshoni ambiri ali m'manja mwanu, ndipo ena a kunja kwa mzinda, monga Newbury Park, Stanmore ndi Cockfosters, ali ndi mabwalo oimikapo magalimoto. Malo a galimoto imodzi amakwana njinga 8 kapena kuposa. Malo a magalimoto 10 ndi shedi ya njinga 80. Khadi la Oyster nalo ndi lanu. Lero munthu sangabwereke nalo njinga yofiira, ayenera kugwiritsa ntchito foni, khadi la kubanki kapena kakiyi kapadera. Lolani kuti khadi lomwe latsegula chipata cha sitima litsegulenso loko wa njinga, ndipo mtengo wake ulowe m'malire a ndalama zimene munthu amalipira patsiku. Wosamalira okalamba amawerenga paundi iliyonse. Akaona kuti sitima ndi njinga pamodzi zikuposa petulo, adzatenga makiyi a galimoto, ndipo sindingamudzudzule.

Chinanso ndi kawerengedwe. Chaka ndi chaka timamva kuti njinga zabwerekedwa maulendo mamiliyoni angapo, ndipo chiwerengerocho chimakoma m'makutu. Koma sichinena za mpweya. Makampani ena amauza wokwera pa foni kuti wachepetsa kaboni wochuluka mwakuti, poyerekeza kuti ulendo uliwonse ukanakhala wa galimoto, chimene kafukufuku uja anaonetsa kuti si choona. Chikomekome cha mkuyu. Funsani wobwereka aliyense funso limodzi, kuti chikhala njinga panalibe akanayenda bwanji, ndipo mufunse za ulendo wonse kuchokera pakhomo, osati kachigawo ka njinga kokha. Chotsanipo mtunda wa magalimoto onyamula njinga ndi mabatire, chotsaniponso ngongole ya kupanga njingazo mogawa ndi zaka zimene zakhala. Chotsalacho muchifalitse siteshoni ndi siteshoni. Mukatero mudzaona nokha kumene paundi imodzi ikugula makilogalamu ambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti kudzakhala kumalekezero a njanji.

Kuno kwathu tikumva za kufutukula sitima za DLR kuchokera ku Gallions Reach, kuwoloka mtsinje kudzafika ku Thamesmead. Tikuziyembekezera ndi mtima wonse, koma kukumba pansi pa Thames ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo 2030 ifika njanjiyo isanafike. Shedi ya njinga imamangidwa m'miyezi yochepa. Pempho langa ndi lakuti muyese pa masiteshoni ochepa a Elizabeth line a kunja kwa mzinda, Abbey Wood, Ilford, Romford ndi Hayes & Harlington akhalepo, kwa zaka ziwiri, ndi njinga za tsiku lonse ndi posungira potetezeka njinga za eni ake, shedi yotsegula kuyambira sitima yoyamba mpaka yomaliza. Musanamange, tumizani anthu anu akafunse m'nyumba za okalamba ndi m'zipatala nthawi imene mashifiti amasinthana.

Galimoto ya amayi aja yakalamba, ndipo makanika wawauza kuti sidutsa chaka china. Ayamba kale kusunga ndalama. Akagula ina adzaiyendetsa zaka 10, chifukwa munthu amene wakongola ndalama kugula galimoto saisiya pakhomo. Anandiuza kuti atatsimikiza zoti pa Ilford pali njinga yowadikira 6:30 m'mawa uliwonse, ndalamazo akanamalizira nyumba yawo ku Zomba.

Ine wanu mwaulemu,

Wosamalira okalamba,
Thamesmead, London